Msonkho umene unadanitsa Britain ndi zigawo zake za ku America: mafunso ndi mayankho

Ambirife nkhaniyi tinaimva mwachidule m'kalasi: Angelezi anakweza misonkho, anthu a ku America anapsa mtima, anataya tiyi m'nyanja, nkhondo n'kuyambika. Si bodza, koma chidule chotere chimabisa chinthu chodabwitsa. Pa zaka khumi za mkanganowu, kuchokera mu 1764 kufika mu 1774, msonkho weniweniwo kawirikawiri unkatsika kapena kuchotsedwa kumene, pamene mkwiyo unkangokulirakulira. Ngati vuto silinali kuchuluka kwa ndalamazo, ndiye linali pati? Mayankho ali m'munsiwa akuzungulira pamenepo.

Tikamati atsamunda pankhaniyi, tikunena ndani?

Tiyambire pomwepa chifukwa mawuwa amasokoneza. Kwathu kuno tikamva za atsamunda timaganiza za bwanamkubwa wa ku Zomba ndi ma DC ake, anthu obwera kudzalamulira n'kubwerera kwawo akapuma ntchito. Ku America sizinali choncho. Amene ankakangana ndi London anali makamaka azungu obadwira konko, zidzukulu za anthu amene anachoka ku England, Scotland, Ireland ndi Germany n'kukamanga midzi m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, kuyambira pa Jamestown mu 1607. Kwa eni nthaka, monga a Cherokee, a Iroquois ndi a Shawnee, iwowa ndiwo anali atsamunda enieni, olanda malo. Koma kwa London anali anthu a mfumu okhala kutsidya kwa nyanja, ndipo nawonso ankadzitcha Angelezi monyadira.

Zigawo zawo zinalipo 13, kuchokera ku New Hampshire kumpoto kukafika ku Georgia kum'mwera. Pofika 1775 zinali ndi anthu pafupifupi 2.5 miliyoni, ndipo mmodzi mwa asanu alionse anali kapolo wachikuda. Chigawo chilichonse chinali ndi nyumba yakeyake ya malamulo, yosankhidwa ndi amuna okhala ndi malo kapena chuma. Nyumba zimenezi ndi zimene zinkaika misonkho, ndipo m'zigawo zambiri ndi zimenenso zinkavomereza malipiro a bwanamkubwa. Mfundo ya malipiroyi muisunge, tibwereranso.

Britain inakhala zaka zoposa 150 osawavutitsa. Chinasintha n'chiyani?

Ngongole. Mu 1754 Britain ndi France anayamba kulimbirana chigwa cha mtsinje wa Ohio, ndipo gulu limene linaomba mfuti zoyamba linkatsogoleredwa ndi mnyamata wa zaka 22 wa ku Virginia, George Washington. Nkhondoyo inafalikira ku Ulaya, ku India ndi kuzilumba za Caribbean, mpaka inatha mu 1763 ndi pangano la ku Paris. Britain inapambana n'kutenga Canada ndi pafupifupi dera lonse la kum'mawa kwa mtsinje wa Mississippi. Koma ngongole ya boma inachoka pa mapaundi pafupifupi 75 miliyoni n'kufika pafupifupi 130 miliyoni, ndipo chiwongoladzanja chokha chinkadya gawo lalikulu la zimene boma linkatolera pachaka.

Chaka chomwecho mitundu ya eni nthaka ya cha kunyanja zikuluzikulu inaukira, mtsogoleri wawo wodziwika kwambiri ali Pontiac. London inaganiza zosunga asilikali pafupifupi 10,000 ku America, ndiponso inalemba mzere m'mapiri a Appalachian n'kuletsa azungu kumanga midzi kuseri kwake. Asilikali amadya, amavala, amalipidwa. Ku England anthu anali atalema kale ndi misonkho, moti msonkho watsopano wa mowa wa maapozi unautsa zipolowe mu 1763. Olemba mbiri ena amawerengera kuti munthu wa ku Britain ankalipira pafupifupi masheleni 26 pachaka pamene wa ku Massachusetts ankalipira sheleni imodzi. Nduna yaikulu George Grenville inaona kuti n'chilungamo kuti otetezedwawo athandizeko kulipira mlonda.

Kunena zoona, mfundo ya Grenville sinali yopusa. Cholakwika chinali nthawi yake. Afalansa ali ku Canada, anthu a m'zigawo ankawafuna asilikali a mfumu. Mdaniyo atachoka, mlonda anayamba kuoneka wodula, makamaka poti ntchito yake ina inali yowatchinga iwo omwe kuti asapite kukalanda minda kumadzulo.

Ndiye kuti 1764 isanafike sankalipira kalikonse ku London?

Papepala ankalipira. Panali malamulo akale a zamalonda onena kuti katundu wina, monga fodya ndi shuga, azigulitsidwa kudzera ku Britain ndi kunyamulidwa pa zombo za Angelezi. Panalinso lamulo la 1733 loika mapeni sikisi pa galoni iliyonse ya manyuchi a nzimbe ochokera kuzilumba za Afalansa. Manyuchiwa ndi amene anthu a ku New England ankatchezera mowa wotchedwa rum, malonda aakulu ndithu, ndipo rum wina ankakagulira akapolo kugombe la Africa. Koma msonkhowo panalibe ankaulipira wonse. Mwini chombo ankangopereka kangachepe kwa wa kasitomu, migolo n'kutsika usiku. Zinafika poti malipiro a ogwira ntchito ya kasitomu ankaposa ndalama zimene ankatolera.

Lamulo la shuga la 1764 linatsitsa msonkhowo kufika pa mapeni atatu, ndalama ija agogo athu ankaitcha tiki. Koma tsopano unkatoleredwa zenizeni. Zombo zankhondo zinayamba kusecha zombo zamalonda, ndipo wogwidwa ankatha kukazengedwa kukhoti la zapanyanja, kumene woweruza mmodzi wa boma ankagamula yekha, popanda gulu la anthu wamba a m'deralo limene Mngelezi aliyense ankaona kuti ndi ufulu wake kuweruzidwa nalo. Tiki yolipiradi inawawa kuposa sikisi yongolembedwa.

Nanga lamulo la zidindo linali lotani kuti lipsetse mitima chonchija?

Lamulo lotchedwa Stamp Act linavomerezedwa mu Malichi 1765 kuti liyambe kugwira ntchito pa 1 Novembala. Linkati pafupifupi pepala lililonse lofunika lizikhala ndi chidindo cha boma chogula: nyuzipepala, zikalata za malo, za chuma chamasiye, za kukhoti, za katundu wa padoko, malaisensi ogulitsira mowa. Chikalata cha loya chinali mapaundi 10, satifiketi ya kukoleji mapaundi awiri, paketi ya makadi osewerera juga sheleni imodzi. Kulipira kwake kunali kwa ndalama ya ku Britain, imene inali yosowa kwambiri m'zigawomo.

Ku England msonkho wotere unalipo kuyambira kale ndipo panalibe phokoso. Kusiyana kwake kunali kwakuti aka kanali koyamba Nyumba ya Malamulo ya ku London kulowetsa dzanja mwachindunji m'thumba la munthu wa ku America, osadzera padoko, osadzeranso kunyumba ya malamulo ya chigawo chake. Ndiponso taonani amene anawaputa: maloya, osindikiza nyuzipepala, amalonda, eni malo omwera mowa. Boma lofuna mtendere silingasankhe adani oposa amenewa, chifukwa ndi amene amalemba, amalankhula, ndipo ndi kwa iwo kumene anthu amasonkhana madzulo.

Anakana motani?

Ena ndi cholembera, ena ndi nkhwangwa. Ku Virginia, phungu watsopano Patrick Henry anabweretsa mfundo zoti ndi nyumba ya malamulo ya Virginia yokha imene ingaike msonkho pa anthu a ku Virginia. Nyuzipepala za m'zigawo zina zinasindikiza mfundozo, kuphatikizapo zoopsa kwambiri zimene nyumbayo sinavomereze n'komwe. Mu Okutobala nthumwi za zigawo 9 zinakumana ku New York n'kulembera mfumu ndi aphungu madandaulo aulemu.

Ku Boston kunalibe ulemu. M'mawa wa pa 14 Ogasiti 1765 anthu anapeza chidole chikulendewera pamtengo waukulu wa m'mbali mwa msewu wolowera mumzinda. Chinali chifaniziro cha Andrew Oliver, amene anasankhidwa kuti azigulitsa zidindo. Madzulo khamu lotsogoleredwa ndi wosoka nsapato Ebenezer Mackintosh linachinyamula ngati maliro, linagwetsa kanyumba kamene linkaganiza kuti kakhala ofesi ya zidindo, linatentha chidolecho, kenako n'kukaswa mawindo ndi katundu kunyumba kwa Oliver. Kutacha iye anatula pansi udindo.

Patapita masiku 12 inakwana nthawi ya mlamu wake, Thomas Hutchinson, wachiwiri kwa bwanamkubwa komanso mkulu wa oweruza. Uthenga unamupeza akudya mgonero ndi ana ake. Anafuna kutsalira kuti ateteze nyumba, koma mwana wake wamkazi anakana kuthawa popanda bambo ake, ndiye onse anatuluka. Khamulo linagwira ntchito usiku wonse: zitseko kuzidula ndi nkhwangwa, makoma a m'kati kuwagumula, vinyo kumwa, ndalama kutenga, mitengo ya m'munda kuidula. Mapepala amene ankalembapo mbiri ya Massachusetts anawamwaza m'matope. M'mawa mwake anafika kukhoti atavala zovala zobwereka. Chomvetsa chisoni n'chakuti Hutchinson anali mwana wobadwira ku Boston komweko, ndipo m'makalata ake opita ku London anali atachenjeza kuti lamuloli n'lolakwika.

Pofika 1 Novembala panalibenso wolimba mtima wogulitsa zidindo, kupatula ku Georgia kumene zinagulitsidwako pang'ono. Makhoti ena anatseka, ndipo madoko anayamba kutulutsa zombo popanda chidindo.

Bwanji sanangowapatsa mipando ku Nyumba ya Malamulo ya ku London?

Ganizirani mawu athu oti msonkho. Amachokera ku kusonkha. Pamaliro makomo amasonkha ufa, nkhuni ndi ndalama, koma amene amanena kuti khomo lililonse lipereke zingati ndi anthu a m'mudzi momwemo, amene nawonso asonkha. Munthu wa tsidya lina sangabwere kudzalengeza. Ndi mmenenso Angelezi ankaumvera msonkho: ndi mphatso imene anthu amapereka kwa mfumu kudzera mwa aphungu awo, ndipo lamulo lawo la ufulu la 1689 linaletsa mfumu kutolera ndalama popanda chilolezo cha aphungu. A ku America ankati: ife aphungu athu ali ku Boston, ku Williamsburg ndi ku Philadelphia, osati ku London. Phungu wa ku England akatiikira msonkho, iye salipira, omusankha salipira, ndipo akatikweza ife amapeputsa anthu ake.

Boma linayankha kuti phungu aliyense amaimira Angelezi onse kulikonse kumene ali, ngakhale amene sanamuvotere. Linapereka chitsanzo cha mizinda ya Manchester ndi Birmingham imene inalibe aphungu akeake koma inkalipira. A ku America anayankha kuti wa ku Manchester amakhala pansi pa msonkho womwewo ndi phunguyo, pamene iwo ayi. Akanakhala Achewa akanangoti kandimverere anakanena za m'maluwa.

Koma mipandoyo eni akewo sankaifuna. Msonkhano wa ku New York unanena poyera kuti chifukwa cha mtunda sizingatheke kuti aimiridwe ku London. Ulendo wa panyanja unkatenga mwezi ndi theka kapena kuposa, ndipo m'nyumba ya aphungu 558 anthu awo ochepa akanagonja pa voti iliyonse, n'kupereka chilolezo cha msonkho umene ankaukanawo. Chimene ankafuna n'chakuti chikwama chikhale kwawo.

Anachotsa lamulo la zidindo chifukwa choopa zipolowe?

Makamaka chifukwa cha amalonda a ku Britain komweko. Amalonda a ku New York, Philadelphia ndi Boston anagwirizana zoleka kuitanitsa katundu, ndipo anzawo a ku London, Bristol ndi Liverpool anayamba kulira kwa aphungu. Grenville anali atachotsedwa kale, ndipo boma la nduna yaikulu yatsopano, Lord Rockingham, linafafaniza lamulolo pa 18 Malichi 1766. Tsiku lomwelo aphungu anakhazikitsa lamulo lina lonena kuti Nyumba ya Malamulo ili ndi mphamvu yolamulira zigawo pa nkhani ina iliyonse. Mu chisangalalo ndi ochepa anawerenga lachiwirili. Anthu a ku New York mpaka anaitanitsa chipilala cha mtovu cha Mfumu George III atakwera hatchi. Mu Julayi 1776 anachigwetsa n'kuchisungunula kupanga zipolopolo.

Ngati anaphunzirapo kanthu, anabwereranji ndi misonkho ina mu 1767?

Chifukwa anaphunzira zolakwika. Benjamin Franklin, woimira chigawo cha Pennsylvania ku London, atafunsidwa mafunso pamaso pa aphungu mu Febuluwale 1766, anasiya chithunzi choti a ku America amadana ndi msonkho wa m'kati mwa dziko koma wa padoko alibe nawo vuto. Nduna ya zachuma Charles Townshend inati chabwino, tiwapatsa wa padokowo. Inaika msonkho pa magalasi, mtovu, penti, mapepala ndi tiyi. Townshend anamwalira chaka chomwecho, moto atausonkha kale.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ndalama za msonkhowu zinali zoti zizilipira abwanamkubwa ndi oweruza. Kumbukirani kuti m'zigawo ngati Massachusetts ndi New York, bwanamkubwa ankasankhidwa ndi mfumu koma malipiro ake ankavomerezedwa ndi aphungu a m'chigawo, nthawi zambiri chaka ndi chaka. Akachita makani, malipiro ankachedwa. Chingwe chimenechi ndi chimene chinkamugwira. London ikamamulipira yokha, ndi ndalama zotengedwa kwa anthu omwewo, ndiye kuti bwanamkubwa safunikanso kuitanitsa nyumba ya malamulo, ndipo woweruza amayang'ana kumene kukuchokera nsima yake. Munthu atha kupirira tiki pa tiyi. Chovuta kupirira n'kugula yekha chingwe chomumangira.

Loya wa ku Pennsylvania, John Dickinson, analemba makalata 12 m'nyuzipepala ofotokoza kuti dzina la msonkho lilibe kanthu, chofunika ndi cholinga chake: ngati ndi kutolera ndalama popanda chilolezo, ndi womwewo. Aphungu a Massachusetts anatumiza kalata kuzigawo zina yopempha mgwirizano. London inawalamula kuti aibweze. Anakana ndi mavoti 92 kwa 17, ndipo bwanamkubwa anathetsa nyumbayo.

Amayi anali kuti pa zonsezi?

Pakati penipeni, chifukwa kunyanyala katundu kumachitikira kukhitchini ndi kusitolo. Analibe voti, koma ndi amene ankasankha chophika ndi chovala. Ankasonkhana pabwalo la m'busa ndi makina awo opotera ulusi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo nsalu yokhakhala yowomba pakhomo inasanduka chovala chaulemu. M'malo mwa tiyi ankawiritsa masamba a zitsamba za konko. Mu Okutobala 1774 amayi 51 a ku Edenton, ku North Carolina, anasaina chikalata chogwirizana ndi kunyanyalako, ndipo ku London anawajambula zithunzi zowanyoza.

Kodi anthu amene anaphedwa ku Boston mu 1770 anafera msonkho?

Mwa njira ina inde, koma usikuwo panalibe ankakamba za msonkho. Akuluakulu a kasitomu atalanda chombo cha wamalonda wolemera John Hancock mu Juni 1768, kunabuka chipolowe, ndipo mu Okutobala asilikali anatsika ku Boston. Mzinda wa anthu pafupifupi 16,000 unayenera kukhala ndi asilikali m'misewu yake. Malipiro awo anali ochepa, choncho akaweruka ankasaka maganyu padoko pa mtengo wotsika, kulanda chakudya pakamwa pa anyamata a mumzinda. Ndewu zinali zosatha.

Madzulo a pa 5 Malichi 1770, mnyamata wophunzira ntchito yokonza mawigi ananyoza msilikali wina wamkulu kuti sanalipire ngongole kwa bwana wake. Mlonda wa paofesi ya kasitomu anamumenya ndi mfuti kumutu. Mabelu a tchalitchi analira ngati kwabuka moto, anthu anakhamukira mumsewu wa King, n'kuyamba kugenda ndi zibuma za chipale ndi ndodo. Kaputeni Thomas Preston anabwera ndi asilikali owerengeka. Mmodzi atagwetsedwa anaomba, anzake n'kutsatira. Anthu asanu anafa, mmodzi mwa iwo Crispus Attucks, wogwira ntchito pazombo, wa magazi a Chiafirika ndi a eni nthaka.

Amene anaimira asilikaliwo kukhoti anali John Adams, wa mbali yotsutsa boma, amene pambuyo pake anakhala pulezidenti wachiwiri wa United States. Preston ndi asilikali 6 anamasulidwa, awiri anapezeka olakwa pa kupha mosakonzekera ndipo anawatentha chizindikiro pachala chamanthu. Koma chimene anthu anasunga m'mutu ndi chithunzi chosindikizidwa ndi mmisiri wa ku Boston, Paul Revere, choonetsa asilikali ali pamzere akuombera anthu osalakwa mwadala.

Tsiku lomwelo, ku London, nduna yaikulu yatsopano Lord North inali ikupempha aphungu kuti achotse misonkho ya Townshend. Anachotsa yonse kupatula wa tiyi. Umenewo anausiya dala, osati chifukwa cha ndalama zake, koma kuti ukhale umboni woti mphamvu yoika msonkho ikadalipo.

Akuti lamulo la 1773 linatsitsa mtengo wa tiyi. Ndiye anakwiyiranji?

N'zoona, linatsitsa. Kampani ya East India inali pafupi kugwa, nkhokwe zake ku London zitadzaza tiyi wosagulidwa. Boma linailola kutumiza tiyi ku America mwachindunji, osadzera kwa amalonda apakati, ndiponso linaibwezera msonkho wa ku England. Tiyi wake akanatha kupikisana ndi wozembetsa wochokera ku Holland, amene ambiri ankamwa. Koma tiki ija pa paundi iliyonse ya tiyi, kulemera kwake pafupifupi theka la kilogalamu, inatsala. Aphungu ena anachenjeza North kuti aichotse, iye anakana. Chaka cha 1772 zinali zitadziwika kuti Hutchinson, amene tsopano anali bwanamkubwa, pamodzi ndi oweruza a Massachusetts azilipidwa ndi mfumu, ndipo thumba lake linali la kasitomu lomweli.

Ndiye otsutsa anaona nyambo: mwa tiyi wotchipa, umeze ndi mbedza yomwe. Tisabise, panalinso za m'mimba. Ozembetsa tiyi akanaluza, amalonda wamba anasiyidwa panja, ndipo kampani inasankha anthu ake ochepa oti azigulitsa, ku Boston ena mwa iwo ali ana aamuna a Hutchinson.

Ku Philadelphia ndi ku New York zombo zinabwezedwa. Ku Charleston tiyi anatsitsidwa n'kutsekeredwa mosungira katundu. Ku Boston kokha ndi kumene bwanamkubwa anakana kuti zombo zibwerere. Lamulo linkati chombo chikatha masiku 20 padoko msonkho usanalipidwe, a kasitomu alande katunduyo, ndipo kwa chombo chotchedwa Dartmouth masikuwo ankatha pa 16 Disembala 1773. Tsikulo anthu zikwi zingapo anadzaza tchalitchi cha Old South kudikira mwini chombo, amene anapita kwa Hutchinson kukapempha komaliza. Anabwera kutada, yankho lili lokana. Amuna ambirimbiri, ena atadzipaka mwaye kumaso ndi kufunda mabulangete kuti aoneke ngati eni nthaka a mtundu wa Mohawk, anakwera zombo zitatu, Dartmouth, Eleanor ndi Beaver. Kwa maola pafupifupi atatu anaswa mabokosi 342 n'kukhuthulira m'madzi tiyi woposa matani 40, wa ndalama pafupifupi mapaundi 10,000. Madzi anali ataphwera, moti tiyi anaunjikana ngati milu ya udzu m'mbali mwa zombo. Katundu wina sanamukhudze, ndipo munthu amene anagwidwa akulonga tiyi m'jekete anamuvula n'kumuthamangitsa.

Tiyi wake anali wa ku India?

Ayi, wa ku China yense, ngakhale kampaniyo inali ndi dzina la India. Minda ya tiyi ya ku India inabwera m'zaka za m'ma 1800, ndipo yathu ya ku Mulanje ndi Thyolo inabwera pambuyo pakenso.

N'chiyani chinasandutsa mkangano wa msonkho kukhala nkhondo?

Chilango. Ngakhale ku America ambiri, kuphatikizapo Franklin, ankaona kuti tiyiyo alipiridwe. Boston ikanatha kutsala yokha. Koma mu 1774 aphungu a ku London anatseka doko lonse la Boston kuyambira pa 1 Juni mpaka tiyi atalipiridwa, analanda anthu a Massachusetts mphamvu yosankha khonsolo yawo, anachepetsa misonkhano ya m'matauni, analola kuti wogwira ntchito m'boma woimbidwa mlandu wakupha akazengedwe kwina, ndipo anaika mkulu wa asilikali, Thomas Gage, kukhala bwanamkubwa. Phungu mnzawo Edmund Burke anawachonderera kuti angosiya msonkho wa tiyi n'kubwerera ku kachitidwe kakale. Sanamumvere.

Zigawo zina zinaona kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ngati chikalata chokhazikitsira boma la Massachusetts chingasinthidwe ndi voti ya ku London, ndiye cha Virginia chili ndi chitetezo chanji? South Carolina inatumiza mpunga ku Boston, Connecticut inatumiza nkhosa. Aphungu a Virginia analengeza tsiku losala kudya ndi kupemphera, bwanamkubwa anathetsa nyumba yawo, iwo anangosamukira kumalo omwera a Raleigh n'kupitiriza msonkhano. Mu Seputembala nthumwi za zigawo 12, kupatula Georgia, zinakumana ku Philadelphia n'kugwirizana zoleka malonda ndi Britain, ndipo makomiti a m'matauni anayamba kugwira ntchito ngati boma. Usiku wa pa 18 Epulo 1775 Gage anatumiza asilikali kukalanda zida ku Concord, pafupi ndi Boston, ndipo m'mawa wa pa 19 mfuti zinalira m'njira, pa Lexington. M'chikalata cholengeza ufulu cha pa 4 Julayi 1776, msonkho ndi dandaulo limodzi chabe pa mndandanda wautali.

Kodi onse ku America anali mbali imodzi?

Ayi ndithu. Ambiri anakhalabe okhulupirika kwa mfumu, ena chifukwa cha ntchito, ena chifukwa choopa ulamuliro wa khamu kuposa wa aphungu akutali. Mantha awo anali ndi maziko: wotsutsa kunyanyala ankatha kupakidwa phula, kuthiridwa nthenga n'kuyendetsedwa pangolo mumzinda. Mwana wa Franklin, William, bwanamkubwa wa New Jersey, anasankha mfumu, ndipo ubale wake ndi bambo ake sunabwererenso mwakale. Nkhondo itatha anthu masauzande ambiri anasamukira ku Canada ndi kwina. Zilumba za shuga ngati Jamaica ndi Barbados zinalipira msonkho wa zidindo ndipo sizinapanduke, chifukwa azungu ochepa a kumeneko ankadalira asilikali a mfumu kuti awateteze kwa akapolo awo.

Ndipo pali chinthu chochititsa manyazi. Atsogoleriwa ankakonda kunena kuti London ikufuna kuwasandutsa akapolo, pamene Washington, Thomas Jefferson ndi Patrick Henry anali ndi akapolo enieni m'minda yawo. Wolemba wa ku London, Samuel Johnson, anafunsa mu 1775 kuti zikutheka bwanji kuti ofuula kwambiri za ufulu ndi amene amakwapula anthu akuda. Akapolowo ankamva zonse. Mu 1773 ena a ku Massachusetts analembera bwanamkubwa ndi aphungu kupempha ufulu wawo pogwiritsa ntchito mfundo zomwezo, koma sizinaphule kanthu. Nkhondo itayamba ambiri anathawira kwa Angelezi amene anawalonjeza ufulu, ndipo ena mwa iwo, atazunzika ndi kuzizira ku Nova Scotia, ku Canada, anakamanga Freetown ku Sierra Leone mu 1792.

Zikufanana ndi msonkho wa nyumba wa nthawi ya Nyasaland?

Pang'ono. Ufumu ndi womwewo, ndipo mfundo yoti dziko lolamulidwa lizilipira lokha olilamulira ndi yomweyo. Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda, anayambitsa msonkho kuno m'zaka za m'ma 1890, ndipo bungwe lopanga malamulo litakhazikitsidwa mu 1907, zofuna za Aafirika ankaziyankhulira mmishonale wachizungu. Aafirika oyamba analowamo mu 1949. Kandimverere yemwe uja.

Koma kusiyana n'kwakukulu. A ku America ankateteza chimene anali nacho kale: nyumba za malamulo, makhoti, nyuzipepala, zombo ndi mfuti zawozawo, komanso abale owayankhulira ku London. Msonkho wa kuno unali ndi ntchito ina, yokankhira mwamuna kukagwira ntchito kuminda ya azungu kuti apeze ndalama yolipira, ndipo wolephera ankatha kuotcheredwa nyumba. Wa ku Boston sanaone zotere.

Atapeza ufulu, msonkho unatha?

Britain ndi imene inayamba kugonja pa mfundoyi. Mu 1778, nkhondo ili m'kati ndipo France italowerera, aphungu anakhazikitsa lamulo lolonjeza kuti sadzaikanso msonkho wotolera ndalama m'zigawozo, n'kuchotsa tiki ya tiyi. Zimene zikanathetsa mkangano mu 1774 zinafika anthu atakwirira kale abale awo.

Boma latsopano la United States poyamba linalibe mphamvu yoika msonkho, ndipo linalephera ngakhale kulipira asilikali ake. Malamulo oyendetsera dziko a 1787 analipatsa mphamvuyo, n'kunena kuti bilu iliyonse yotolera ndalama iziyambira m'nyumba ya aphungu osankhidwa ndi anthu. Mu 1791 aphunguwo, potsatira pempho la nduna ya zachuma Alexander Hamilton, anaika msonkho pa kachasu wa chimanga ndi mbewu zina, amene alimi a kumadzulo kwa Pennsylvania ankatcheza n'kumagwiritsa ntchito ngati ndalama. Alimiwo anachita zimene anaphunzira: anapaka otolera msonkho phula ndi nthenga, anaotcha nyumba ya mkulu wawo. Mu 1794 Pulezidenti Washington anasonkhanitsa asilikali pafupifupi 13,000 kukawakhalitsa chete, ponena kuti msonkho uwu anauika ndi aphungu awo omwe.

Anthu okhala mumzinda wa Washington, likulu la dzikolo, mpaka lero amalipira misonkho ya boma koma alibe phungu wovota ku Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo. Kuyambira m'chaka cha 2000 dandaulo lakale lija, la msonkho popanda woimira, limalembedwa pa manambala a galimoto zawo.